Zala za Kabaza

Lolemba

M'mawa. Khushoni ndachotsa! Ndamasula ndekha ndi sipanala, ndakaiponya kuseri kwa bafa. Kuyambira lero kumbuyo kwa njinga yanga sikukhalanso munthu. Pa kaliyala pali pampu, zomatira chubu ndi botolo la madzi, basi. Ukabaza watha. Ndine wotsogolera alendo wa loji ina ya ku Makokola, malaya obiriwira ali m'thupi, chipewa cholimba chili kumutu ngakhale chikundifinya makutu.

Ulendo monga akuudziwira Mayi a loji:
– lero, Makokola mpaka Mangochi boma
– mawa, zakale za m'tauni, kenako kuoloka Shire kukagona ku Malindi
– Lachitatu ndi Lachinayi, midzi ya kutsidya
– Lachisanu, mabwinja a linga la atsamunda kupitirira Makanjira
– Loweruka, kubwerera pa boti

Ulendo monga ndikuudziwira ine: Lachisanu anthu akamatuluka mu mzikiti, ndidutse pakhomo pa Che Jafali, ine patsogolo, alendo anayi pambuyo. Za lingalo ndinangoikamo kuti njira idzere kumeneko. Sindinalionepo, akuti ndi zipupa zakugwa m'tchire.

Che Jafali ndi mjomba wake wa Asiyatu, ndipo pa nkhani ya Asiyatu mawu omaliza ndi awo. Titapita kukafunsira ndi amalume anga, anati: "Mwana wa mlongo wanga ndimupereke kwa munthu woti aliyense akakuwa pamsewu iye n'kuima?" Ndinati ukabaza ndikusiya, ndapeza ntchito ya yunifomu. Anaseka. "Iwe usiya, koma zala zakozo sizisiya." Sindinawauze kuti Asiyatu yemweyo ndinamudziwa chifukwa choima. Anatuluka pa geti la chipatala cha ku boma ndi mtanga wa mbale, anakuwa, ine mabuleki gwi.

Palinso wina wobwera kuchokera ku Joni, wa jekete lachikopa m'dzuwa lino, nayenso wafunsira. Yankho lituluka Lachisanu ikatha swala. Asiyatu akuti sakugona. Nanenso sindikugona.

Alendo anga:
– Bwana Ndevu, mzungu wachikulire, mimba patsogolo, buku la mbiri m'thumba
– Mayi Suzana, akazi awo, sayankhula, saseka
– Wamtali, mzungu wa kamera pachifuwa, ina pachipewa
– a Dokotala, Mmalawi mnzathu wa ku Blantyre, kabudula wothina ngati khungu, nsapato zomatirira pa pedulo

Zikwama zili pa pikiapu ya Che Lemani, iwo amatsogola kukatidikira kogona.

Masana. Mayo ine!

Tikuyenda bwinobwino pa tala, mzere umodzi, ine kuloza milambe ngati ndinadzala ndine. Tifika pa kamsika ka m'mbali mwa msewu. Mayi wa dengu la tomato akweza dzanja: "Kabaza!"

Sindinaganize. Walahi sindinaganize. Zala zagwira mabuleki zokha, phazi latsika lokha, ndipo ndangomva pakamwa panga pakufunsa kuti "Mukupita kuti, mayi?" Wamtali anali pambuyo panga penipeni, maso pa kamera. Khuu! pa kaliyala. Munthu wamtali amachedwa kufika pansi, koma akafika amafika yense.

Dzanja latupa. Kuchipatala akuti silinathyoke, koma za njinga aiwale kaye. Che Lemani amubweza ku loji. Pochoka Che Lemani andionetsa zala zitatu pawindo, alendo otsala, akuseka.

Alendo ndawauza kuti ndinaona mbuzi ikufuna kudutsa. Mayi wa tomato uja wandizazira kuti ndamuimira chabe.

Atatu ndi ambiri ndithu. Che Jafali sanaonepo mzungu ngakhale mmodzi pakhomo pawo.

Lachiwiri

Pokonza ulendo ndinaiwala chinthu chimodzi. Nsanja ya wotchi ndi mfuti ya sitima yakale, zomwe alendo abwerera kudzaona, zili pafupi ndi siteji yanga yakale. Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira makasitomala pomwepo.

Anzanga onse alipo. Andiona ndi chipewa.

"Eee, bwana gaidi!"

"Khushoni wagulitsa?"

"Tigawireko mzungu mmodzi, wekha onsewo?"

Ine maso kumwamba, ngati nsanjayo ndikuiona koyamba.

Ndayamba kufotokoza za mfuti, zomwe ndinaloweza sabata yatha. Ndaima chokwera njinga, phazi limodzi pansi. Bwana Ndevu atsegula buku kuti andigwire bodza. Mwadzidzidzi njinga yalemera kumbuyo. Ndicheuka: Abiti Sumani, kasitomala wanga wakalekale wogulitsa nsomba, akhala pa kaliyala, pampu yanga m'manja, beseni pamiyendo. "Khushoni ili kuti? Zitsulozi zikundilasa. Kudepoti, changu, basi indisiya."

Abiti Sumani sauzidwa kuti tsikani. Ndi amene ankanditumizira phala nditagona ndi malungo. Komanso miyendo inali itayamba kale kupalasa.

Kudepoti ndi pafupi. Ndabwerera thukuta lili kamukamu. Ndapeza:
– anzanga akuuza Bwana Ndevu kuti mfuti ija inapha ng'ona yaikulu ngati basi, iwo akusanthula buku, nkhope yofiira
– Mayi Suzana ali pa khushoni ya mnzanga Yusufu, akuzungulitsidwa nsanja, akuseka mpaka misozi. Kani mano ali nawo!
– a Dokotala manja m'chiuno: "Achimwene, tandiuzani zoona. Ndinu wakabaza?"

Ndati zinali kale. Ati: "Kale lake liti, poti takuonani pompano?"

Madzulo, Malindi. Tchalitchi chakale cha mishoni taona, buku la Bwana Ndevu lagwirizana nane pang'ono. Asiyatu waimba foni. "Mjomba auza mudzi wonse kuti Lachisanu kubwera azungu anayi. Wa ku Joni uja wawabweretsera tochi ya sola." Sindinamuuze kuti mmodzi wabwerera, winayo ndi wa ku Blantyre. Ndikuopa, kunena zoona ndikuopa.

Ndaganiza mofatsa. Vuto ndi makutu. Makutu akamva, zala zimagwira. Ndatenga thonje m'kabokosi ka mankhwala.

Lachitatu

Thonje likugwira ntchito! Ndatseka mbali zonse, lamba wa chipewa wabisa. Maso ndaika pa tayala la kutsogolo kuti ndisaone manja a anthu. Tili pa fumbi tsopano, midzi yokhayokha. Ndikaba maso pang'ono ndikuona anthu akutsegula pakamwa ngati nsomba, ine osamva kanthu. Bambo wina wa nkhuku m'khwapa ndamudutsa. Ndamudutsa! Chiyambire kupalasa sizinachitikepo. Pakanakhala mpata ndikanavina.

Ndapalasa, ndapalasa, mtima uli myaa.

Pa mlambe waukulu ndaima kuti ndifotokoze. Ndicheuka: awiri. Bwana Ndevu pakamwa pali yasa, mitsempha ya pakhosi yatuluka. Ndachotsa thonje mobisa. Akuti tayala la a Dokotala linaphulika kalekale, tisanadutse sukulu ija. A Dokotala anakuwa. Bwana Ndevu anakuwa. Mayi Suzana analiza belu mpaka chala kuwawa. Awiriwa anangonditsata poopa kusochera. Pampu ili ndi ine. Che Lemani ali kutsogolo ndi zikwama.

Azungu ndawasiya pamthunzi, ndabwerera chothamanga. A Dokotala ndawapeza akukankha njinga. Nsapato zawo zija si zoyendera pansi, akuyenda ngati bakha, ana a mudzi wonse pambuyo. Choipitsitsa, avala chitenje. Akuti anaima pa nyumba ina pafupi ndi madarasa kupempha pampu, amayi ataona kabudula uja anathawira m'nyumba, ndiye mkulu wa pamenepo anawatumizira chitenje: "Avale kaye, ndiye tikambirane."

Sanandilalatire. Bola akanandilalatira. Angondiyang'anitsitsa: "M'khutu mwanumo muli chiyani?" Kathonje kanatsalira.

Aimitsa lole ya nsomba yopita ku boma, akweza njinga, akwera ndi chitenje chomwe. "Mayi a loji amva lero lomwe."

Madzulo. Che Lemani: zala ziwiri.

Mayi a loji aimba, ndaona dzina pa foni, yaduka yokha. Netiweki ya kuno lero ndaithokoza.

Awiri, koma onse ndi azungu enieni. Bola. Ndingopirira mawa, Lachisanu lafika.

Lachinayi

Thonje ndataya. Lero ndimva chilichonse koma sindiima. Zala za mabuleki ndazipinda pansi pa handulo ndipo ndazilankhula ngati ana: mukagwira popanda chilolezo, ndikudulani.

Mayeso a m'mawa:
– bambo wa thumba la chinangwa, "Kabaza!" Ndadutsa nditaluma mano
– mphunzitsi wochedwa, tayi pakhosi, wandithamangira pang'ono. Ndadutsa
– mayi wa mwana kumbuyo, buku la sikelo m'manja. Ndadutsa, koma mtima ukundipwetekabe. Kaya mwanayo amadwala?

Ndiye kuti zikutheka! Che Jafali ananama, zala zimaphunzira.

Masana. Sindikufuna kulemba. Ndilembabe.

Pali mtsetse wautali wotsikira ku mtsinje. Tikutsika, liwiro labwino, mphepo m'malaya. Kumunsi amuna angapo aima pakati pa msewu, manja onse m'mwamba, akukuwa. Ine mumtima: Satana iwe, si lero. Ndaliza belu, apatuka. Ndikudutsa pakati pawo ndiye ndamva bwino zomwe akunena: "Mlatho! Matabwa tachotsa!"

Akukonza mlatho. Njira yodzera pambali ilipo, kumanzere, aliyense woima amauzidwa.

Ine ndinazolowera kukhota ndi matumba a chimanga kumbuyo, ndakhotera mu mchenga, ndagwa bwino. Mayi Suzana amabwera pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, aima. Bwana Ndevu ndi olemera, komanso amandikhulupirira. Apitirira.

Nyengo ino mtsinje uli ndi matope okha, Alhamdulillah, koma ndi akuya. Tawazula tonse pamodzi ngati chitsa. Bondo latupa, magalasi apita, buku la mbiri lasanduka phala, tayala la kutsogolo lapindika ngati eyiti.

Mkulu wa okonza mlatho: "Iwe ndiwe munthu wanji? Ngakhale wakabaza amaima anthu akamukuwira!"

Che Lemani tawaitana, abwera, akweza Bwana Ndevu kuti apite nawo ku boma. Ndati basi, Mayi Suzana atsagana ndi amuna awo, zatha, Asiyatu wapita ku Joni. Ndakhala pansi pa mchenga, manja kumutu. Kenako ndiona Mayi Suzana akutsitsa kachikwama kawo pa pikiapu. Mawu awo oyamba aatali sabata ino: "Moyo wanga wonse ndimapalasa kumbuyo kwa bambo awa, ndimangoona msana wawo. Mawa ndikufuna ndione msewu." Bwana Ndevu sanatsutse, anatanganidwa ndi bondo.

Che Lemani: chala chimodzi. Sakusekanso.

Madzulo, resitihausi ya pa kamsika kena. Galimoto tilibenso. Asiyatu pa foni, mawu akudukaduka: "Mjomba abwereka mipando inayi ya pulasitiki... aika pansi pa mango... alipo onse eti?" Ndati, "Tikubwera." Sindinaname.

Mmodzi. Ya Allah, mmodzi yekhayu ndisungireni.

Lachisanu

M'mawa. Tulo sindinatione. Malaya ndinachapa dzulo, ndinawaika pansi pa matiresi kuti awongoke. Mayi Suzana ndawakakamiza mandasi mpaka akana ndi manja. Njinga yawo ndaiyang'ana mobwerezabwereza: tcheni, mabuleki, matayala, tcheninso.

Dongosolo:
– kufika anthu akutuluka mu mzikiti, osafulumira, osachedwa
– kudutsa pakhonde pa Che Jafali pang'onopang'ono, belu kamodzi
– kukatsikira pansi pa mango, kuvula chipewa, kupereka salamu
– akafunsa za alendo enawo: "Anakwera galimoto." N'zoona
– zala!

Dzuwa lakwera. Mchenga! Mchenga wokhawokha! Mayi Suzana miyendo yatha. Akhala pansi pa mtengo, akuloza kaliyala wanga, akuti ndiwanyamule ngati anachitira Yusufu kunsanja kuja. Ayi! Chilichonse koma chimenecho ayi! Ndapempha, ndagwada, ndafotokoza zonse: Asiyatu, mjomba, wa ku Joni, jekete lomwe. Adzuka, akwera njinga yawo. Pa mchenga wambiri ndikuwakankha pamsana ndi dzanja limodzi. Mayi amenewa Mulungu awadalitse.

Pa mjigo wa kunja kwa mudzi tasamba kumaso. Azana yoitanira anthu ku swala yamveka kale. Tabisala kuseri kwa chigayo kudikira kuti nsapato za pakhomo la mzikiti ziyambe kuchepa. Swala ndaphonya, Mulungu akudziwa chifukwa chake.

Madzulo. Ndili ku Makanjira.

Zayamba bwino. Zayamba bwino kwambiri! Tilowa m'mudzi. Amuna a mikanjo yoyera adzaza msewu, apatuka. Ana akukuwa, "Mzungu! Mzungu!" Ine msana woongoka, chipewa kumutu, Mayi Suzana pambuyo panga penipeni monga tinapanganira, akubayibitsa anthu. Ndaona mipando inayi pansi pa mango. Ndaona wa ku Joni ndi jekete lake, nkhope yagwa. Ndaona Asiyatu pa mpanda, mpango watsopano wachikasu, dzanja pakamwa. Mumtima ndati zatheka.

Pakhonde Che Jafali akhala pa mpando wawo wandalema, kofiya kumutu. Ndaliza belu kamodzi.

Sanakuwe n'komwe. Angokweza chala chimodzi, mawu a masiku onse, ngati munthu wa katundu pa siteji:

"Kabaza."

Zala. Phazi. Ndipo pamaso pa mudzi wonse, pakamwa panga: "Mukupita kuti, bwana?"

Khuu! Mayi Suzana pa kaliyala. Agubudukira pa mipando yobwereka ija, iwiri yathyoka miyendo.

Ngakhale nkhuku zasiya kutokosa.

Che Jafali: "Sindikupita kulikonse, mwananga. Ndimangofuna kuona."

Ndiye kuseka kwayamba. Wayambitsa ndi wa ku Joni. Ndiyang'ana pa mpanda, mpango wachikasu palibe. Manyazi ngati amenewa sindinawamvepo, ndimafuna nthaka ing'ambike.

Mayi Suzana abinya phazi, foloko ya njinga yawo yapindika. Galimoto palibe, chipatala chili ku Makanjira. Njira ndi imodzi ndipo aliyense akuiona. Che Jafali adzuka, achotsa khushoni ya pa mpando wawo, andipatsa ndi manja awiri. "Mlendo asalasidwe ndi zitsulo. Udzabweze."

Ndamanga ndi mphira wa chubu. Ndatuluka m'mudzi mwa Asiyatu ndi munthu kumbuyo, pa khushoni. Ana atiperekeza mpaka pa mjigo, akuimba liwu lomwe lija. Sindinacheuke.

Mayi Suzana njira yonse akundigwira paphewa kuti pepa, kenako akuiwala, akuyamba kuloza mapiri.

Linga sitinalione.

Loweruka

Boti. Mafunde. Ndasanza pa mitanga ya usipa ya anthu, andizazira. Njinga ya Mayi Suzana yatsala kwa Che Jafali, Che Lemani adzakaitenga.

Mayi a loji anatidikira pagombe. Sanafunse kanthu, zonse anamva kale kwa anthu atatu. Alendo anayi: dzanja, chitenje, bondo, phazi. "Malaya ndi chipewa usiye ku ofesi." Mayi Suzana anayesa kunditeteza, akuti sabata yokoma chotere sanaionepo. Bwana Ndevu anatsokomola, nkhani inathera pomwepo. Ndapalasa kubwera kunyumba ndi vesiti.

Amalume anga aimba. Uthenga wafika kuchokera kwa Che Jafali. Wa ku Joni. Ukwati mwezi wa mawa, asanabwerere.

Kenako Asiyatu, mawu apansipansi, akulira. "Ine ukabaza sunandinyansepo. Mukanapanda kuima pa geti paja, tikanadziwana?" "Atayamba kukusekani ndinalowa m'nyumba kukatenga chikwama changa. Ndinati ndikwera anthu onse akuona, khushoni kaya palibe. Potuluka ndapeza pakhala kale mzungu, inu mukupita."

Ndati ndibwera mawa, ndipalasa usana wonse. Wati mjomba ayankha kale pagulu, amayi ake amugwira miyendo, sangathenso. Wina wamuitana. Foni yaduka, ulendo uno si netiweki.

Sindinacheuke. Kungocheuka chabe!

Lamulungu

Khushoni ndaipeza kuseri kwa bafa. Nkhuku za aneba zachitirapo zawo, chiswe chadya ngodya imodzi. Ndachapa, ndayanika, ndamanga. Sipanala yomwe ija.

Ya Che Jafali ndaichapanso, ndapatsa Che Lemani akabweze akamakatenga njinga. Alandira, zala zonse m'thumba.

Pa siteji anzanga sanaseke. Yusufu wangosuntha njinga yake, malo anga akale a pamthunzi. Bola akanaseka.

Abiti Sumani apapasa khushoni asanakhale: "Eya, yabwerera. Zitsulo zija zinandipweteka mpaka Lachinayi."

Zala ndaziyang'ana. Sindizidula, ndi zomwezi zondidyetsa.

Masana. Ndikuchokera kudepoti wopanda munthu, ndidutsa pa geti la chipatala. Mpango wachikasu. "Kabaza!" Ndagwira mabuleki mpaka tayala la kumbuyo lakwekwereza fumbi.

Si iye. Mayi wina wa fulasiki ndi mtanga wa mbale, akupita kutsidya kwa mlatho.

Ndamunyamula.